ULENDO WA KU MANKHAMBA, LIKULU LAKALE LA AMARAVI



Nkhani ndikulemberaniyi inayamba ndi funso. Mnyamata wina amene amatsogolera kalasi la akuluakulu cha kufupi ndi nyanja ya Chiuta anafika kwathu madzulo ena nkhope ili yakugwa. Atakhala pansi anati, "Abusa, lero andisowetsa chonena." Iye anali atafotokozera kalasi lake kuti makolo athu anali ndi ufumu waukulu wa Amaravi. Tsono bambo wina wachikulire anaimika dzanja nati, "Aphunzitsi, ngati ufumuwo unalidi waukulu, likulu lake lili kuti? Apwitikizi anasiya linga lawo ku Ilha de Moçambique, aliyense akhoza kupita kukaligwira ndi manja. Anzathu a ku Zimbabwe ali ndi makoma amiyala. Nanga ife tili ndi chiyani? Kapena mukungotisangalatsa ngati ana?"

Kunena zoona, funsolo linandigwira nanenso. Za Amaravi ndinawerengapo ndili ku koleji, ndipo dzina la likulu lawo, Mankhamba, ndinkalidziwa. Koma phazi langa linali lisanapondeko. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Choncho ine ndi mnyamatayo tinapangana kuti tipite tikaone ndi maso athu, kuti bambo uja tidzamuyankhe zimene taona.

Njira ya ku Mankhamba

Tinadikira kuti mvula ithe ndi kuti anthu akolole, pakuti bwinja silioneka bwino udzu ukadali wautali. Tinawoloka malire pa Nayuchi, tinadutsa ku Liwonde kumene tinawoloka mtsinje wa Shire, ndipo titafika ku Balaka tinakwera minibasi yolowera ku Salima. Msewu umenewu umayenda m'chigwa chotentha chodzaza ndi milambe. Kudzanja lamanzere kuli mapiri a Ntcheu ndi Dedza. Kudzanja lamanja, ngakhale siioneka nthawi zonse, kuli nyanja yaikulu ija ife timaitcha Niassa, anzathu amati nyanja ya Malawi. Inu a ku Mandimba ndi Ngauma njira yanu ndi yachidule: mukawoloka pa Chiponde mutsikire ku Mangochi, kenaka mutsate msewu wotulukira ku Golomoti.

Tinaima kaye pa Mua, mishoni imene ansembe a Chikatolika otchedwa White Fathers anaitsegula m'chaka cha 1902. Pamenepo pali malo a zachikhalidwe otchedwa Kungoni, amene Bambo Claude Boucher anawayambitsa mu 1976, ndi nyumba yosungiramo zakale ya Chamare, yofotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Wopita ku Mankhamba achita bwino kuyambira pamenepa. Kuchoka pa Mua kupita ku Mtakataka si patali. Mankhamba ali m'dera lomwelo, pafupi ndi mtsinje wa Nadzipulu, m'boma la Dedza, kwa Inkosi Kachindamoto. Mwina mwadabwa kale kuti likulu la Amaravi lili m'dera la mfumu ya Chingoni. Sungani funso limenelo, tilipeza kutsogoloku.

Mlendo salowa m'bwinja la eni ake ngati mbuzi yolowa m'munda. Tinayamba taonekera kwa a mfumu, tinafotokoza kumene tachokera ndi chimene tadzera, ndipo iwo anatipatsa mkulu wina woti atiperekeze.

Zimene tinaona

Abale, ndisakunamizeni. Ku Mankhamba kulibe linga lamiyala, kulibe nsanja, kulibe nyumba yachifumu yoti munthu n'kuloza kuti iyi ndi ija. Tinaona minda yokololedwa, mizere yakale, mitengo, mbuzi, ndi ana akutithamangira kudzaona alendo. Mnzanga uja anayang'ana uku ndi uku, kenaka anandinong'oneza kuti, "Abusa, ndalama zonse zija tawonongera kudzaona mapesi a chimanga? Bambo aja ndikawauza chiyani?"

Mkulu wotiperekezayo anamva. Anangoseka, n'kupalasa pansi ndi ndodo yake, n'kutola kaphale kakuda kokhala ndi timizere tojambulidwa m'mphepete. Anamupatsa mnzangayo nati, "Mwana wanga, mudzi wakale suimirira, umagona pansi. Yang'ana kumapazi kwako." Titayamba kuyenda maso ali pansi, tinaona mapale ena apa ndi apo. Titatha kuwaona anatiuza kuti tiwabwezere pomwe tawatola, ndipo tinatero.

Tinakhala pamthunzi nthawi yaitali tikucheza. Ndili pamenepo ndinaganiza kuti nkhani ya malo ano ili ngati mlandu wa pabwalo, umene sugamulidwa ndi mboni imodzi. Mankhamba ali ndi mboni zitatu: pakamwa pa akuluakulu, nthaka, ndi mapepala a alendo. Tiyeni tizimve imodzi imodzi.

Mboni yoyamba: pakamwa pa akuluakulu

Akuluakulu a Achewa amati makolo anachokera ku Uluba, m'dziko limene lero ndi Congo. Sanabwere tsiku limodzi ayi, anabwera m'magulumagulu. Oyamba kufika amakumbukidwa ndi mfunda wa Banda, ndipo iwowa ndiwo anali eni nthaka ndi osunga akachisi opempherako mvula. Pambuyo pake kunafika a Phiri, motsogozedwa ndi Kalonga. Dziwani kuti Kalonga ndi dzina la mpando, ndiye kuti analipo a Kalonga ambiri otsatizana. Mwambo umatchula Mazizi, Chinkhole ndi Chidzonzi monga oyambirira, ndipo umatchulanso malo amene anapumulako panjira, monga Choma ndi Kaphirintiwa wa ku mapiri a Dzalanyama, asanatsikire kuchigwa cha kunyanja. Kumeneko maina awiri amamveka limodzi, Mankhamba ndi Manthimba, malo oyandikana. Mabuku ena amati kachisi anali ku Mankhamba ndipo bwalo la mfumu linali ku Manthimba. Ena amati likulu lenileni linali Mankhamba yemweyo.

A Phiri sanapirikitse a Banda. Anagawana nawo ntchito. Ufumu unkadzera mwa Nyangu, mayi wa ufumu wa kwa Phiri, kotero kuti wolowa pampando anali wa kuchikazi, monga momwe ambiri a ife timachitira mpaka lero. Koma mkazi wamkulu wa Kalonga, wotchedwa Mwali, ankachokera kwa Banda, ndipo za kachisi ndi za mvula zinali m'manja mwa a Banda. Ine ndine mbusa, sindithira nsembe pa kachisi. Komabe munthu sangamvetse ufumu umenewu atalumpha kachisi, pakuti anthu ankagonjera Kalonga pokhulupirira kuti mvula ndi chonde cha m'nthaka zikudalira mgwirizano wa mpando ndi kachisi. Mikondo payokha sikanagwira dziko lalikulu chotero.

Chaka ndi chaka mafumu a mtundu wa Phiri ankasonkhana kulikulu pa mwambo wa mlira, wokumbukira mzimu wa kholo lawo, ndipo mwambowo unkatha ndi kutentha tchire la Marimba m'mbali mwa nyanja. Kulikulu kunkasungidwanso moto wachifumu, umene unkazimitsidwa Kalonga akamwalira n'kuyatsidwa watsopano wina akalowa. Ambiri amati dzina lakuti Maravi kapena Malawi linachokera ku malawi a moto.

Ufumu unakula mwa kutumiza kapena kupatukana kwa abale. Undi analowera kumadzulo n'kukamanga likulu lake ku Mano, m'chigawo cha Tete. Kaphwiti ndi Lundu anatsikira kuchigwa cha Shire. Ena anazungulira nyanja n'kukhala m'magombe ndi m'mitsinje, kufikira kuno ku Chilwa ndi Chiuta, ndipo amenewo ndiwo anatchedwa Anyanja. Mafumu ang'onoang'ono ankapereka mitulo kwa aakulu: zikopa za mikango ndi akambuku, ndiponso mnyanga umene wagunda pansi njovu ikaphedwa. Zambiri mwa izi anazisonkhanitsa Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma, m'buku lake la Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940. Iye anafunsa nkhalamba zikadali moyo. Akanachedwa zaka makumi awiri, zambiri zikanapita kumanda.

Mboni yachiwiri: nthaka

Pakamwa pamaiwala, ndipo nthawi zina pamakometsera. N'chifukwa chake mboni yachiwiri ndi yofunika. Katswiri wa ku Malawi wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, anakumba pa Mankhamba, ndipo zimene anapeza anazifalitsa mu 2010 ndiponso m'buku lake la mu 2020. Anthu a ntchito imeneyi amakonda kwambiri dzala, pakuti zimene banja limataya ndizo zimaulula zimene linkadya, linkavala ndi kugula. Amakumba pang'onopang'ono, kusefa dothi, n'kulemba kuya kwa pamene chinthu chilichonse chapezeka, popeza zapansi kwambiri ndizo zakale kwambiri. Makala a moto wakale amakawapima ndi makina, ndipo makinawo amasonyeza zaka zimene zapita chiwudulireni mtengowo. Kupima kumeneku kunaonetsa kuti pofika zaka za m'ma 1400 anthu anali atakhazikika kale pa Mankhamba. Vasco da Gama anafika ku Ilha de Moçambique mu 1498. Ndiye kuti pamene Mpwitikizi woyamba ankaponda gombe lathu, moto unali ukuyaka kale pa Mankhamba.

Nanga m'nthakamo munatuluka chiyani? Munatuluka mapale ochuluka zedi, mafupa a ziweto, a nyama zakutchire ndi a nsomba, ndi zipangizo zachitsulo. Munatuluka zokometsera zamkuwa, chonsecho mkuwa sukumbidwa m'chigwa chimenecho; unkachokera kutali, kumayiko a migodi ya mkuwa kumadzulo. Munatuluka zidutswa zambiri za minyanga ya njovu, umboni wakuti amisiri ankasema makoza pomwepo. Munatuluka mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja yamchere. Ndipo munatulukanso zidutswa za mbale zonyezimira zopangidwa ku China.

Taimani pamenepa muganize. Mbale yosachedwa kusweka inakwera chombo kuchoka ku China, inadutsa m'manja mwa amalonda ambiri mpaka kugombe la Africa, kenaka munthu anaisenza pamutu masabata angapo kufikira m'mbali mwa Nadzipulu. Katundu wotere sapita kwa anthu opanda choti agulitse. Dziko la Amaravi linkatulutsa minyanga, makasu osulidwa kuchokera m'ng'anjo zawo, ndi nsalu zathonje zotchedwa machila, zimene zinkafunika kwambiri m'midzi ya m'mbali mwa Zambezi. Kuno kwathu anthu a m'mbali mwa Chilwa ankatcheza mchere n'kumasinthanitsa ndi a kumapiri.

Mboni yachitatu: mapepala a alendo

Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, ndipo m'kupita kwa nthawi anayamba kulemba za anthu a kumpoto kwa Zambezi. Mapepala awo amatchula mfumu yamphamvu dzina lake Muzura. Mu 1608 Muzura anatumiza ankhondo 4,000 kukathandiza Apwitikizi pa nkhondo za m'dziko la Mwenemutapa, kumwera kwa Zambezi. Mu 1622 anagonjetsa Lundu mothandizidwa ndi Apwitikizi omwewo, ndipo posakhalitsa anawatembenukira. Mwaonatu, ameneyu sanali wantchito wa azungu. Ankapangana nawo pamene zamukomera, n'kumenyana nawo pamene zamuipira. Olemba mbiri amatsutsana za mudzi wake. Ena amati Muzura anali Kalonga ndipo ankakhala ku Mankhamba. Ena amati anali mfumu ina yokhala kumwera, cha ku Mwanza ndi Neno. Mtsutso wotere usatikhumudwitse, ndimo mmene mbiri imasefedwera.

Pali ulendo wina umene ukutikhudza ife a ku Niassa. M'mwezi wa Malichi 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, ananyamuka ku Tete atanyamula siliva wa ku Chicoa, kulinga ku Kilwa, kugombe la dziko limene lero ndi Tanzania. Anacherezedwa kwa Muzura, anawoloka madzi cha kumwera kwa nyanja yaikulu, nalowa m'dziko lathu lino. Pa mitsinje imene anawoloka pali umene anaulemba kuti Ruambara, umene akatswiri amati ndi Luambala, ndi wina Rofuma, ndiwo Rovuma. Ulendo wonse unamutengera masiku 53. Inu a ku Ngauma amene mumaudziwa Luambala, dziwani kuti dzina la mtsinje umenewo linalembedwa papepala zaka 400 zapitazo. Bocarro sanalambule njira yatsopano ayi. Ankatsata njira za amalonda a dziko lino, akuperekezedwa ndi anthu odziwa kumene akupita.

Mu 1624 wansembe wa Chijezuiti, Luís Mariano, analemba kalata yofotokoza za nyanja yaikuluyo ndi mudzi wa Maravi. Apo n'kuti kudakali zaka 235 kuti David Livingstone afike panyanjapo mu 1859. Ndipo mu 1667 wansembe winanso, Manuel Barreto, analemba za ufumu wa Maravi ndi wolamula wake amene anamulemba kuti Caronga, nanena kuti mphamvu zake zinkamveka mpaka kugombe loyang'anana ndi Ilha de Moçambique. Tsegulani mapu muone. Kuchoka kumwera kwa nyanja kupita kugombe limenelo, munthu amadutsa dziko lomwe lino la Mecanhelas, Mandimba ndi Cuamba. Choncho nkhani ya Mankhamba ndi yathunso, ngakhale bwinjalo lili tsidya lina la malire.

Mapepala amenewa tiziwawerenga mochenjera. Olembawo ankafuna golide, siliva ndi minyanga, ndipo maina athu ankawapotoza. Koma pamene mlendo, nkhalamba ndi nthaka zanena chimodzi, mlandu watha.

Kugwa kwa likulu

Nanga ufumu wotere unatha bwanji? Sunagwe tsiku limodzi. Choyamba, malonda omwe anaukweza ndiwo anaugawanitsa. Mafumu a kutali, monga Undi ndi Lundu, anali pafupi ndi misika ya ku Zambezi kuposa Kalonga, ndipo atapeza nsalu ndi mikanda paokha, mitulo yopita kulikulu inayamba kuchepa. Chachiwiri, m'zaka za m'ma 1700 malonda a minyanga opita ku Ilha ndi ku Kilwa anagwera kwambiri m'manja mwa amalonda a Chiyao ndi a Chibisa, amene ankagula mwachindunji kwa mafumu ang'onoang'ono. Chachitatu, m'zaka za m'ma 1800 malonda a akapolo anakula, ndipo pamodzi nawo panabwera mfuti.

Kenaka kunadza kusamuka kwa mitundu. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi cha ku Zumbo mu Novembala 1835. Angoni a Maseko anadutsa kumwera kwa nyanja, anakafika ku Songea, ndipo pobwerera anakhazikika ku Domwe, ku Angónia. Ayao ambiri, atapanikizidwa ndi njala ndi nkhondo m'dziko lawo kuno ku Niassa, anatsikira kunyanja ndi ku Shire, kumene kunadzuka mafumu monga Mponda ndi Makanjila. Kalonga womaliza wa ku Mankhamba, Sosola, anafera pa nkhondo yolimbana ndi Ayao m'zaka za m'ma 1860. Mu 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anasainirana pangano la malire, n'kudula pakati dziko la anthu olankhula chilankhulo chimodzi. M'zaka zomwezo za m'ma 1890 Angoni a Kachindamoto anatsika kumapiri n'kudzakhala ku Mtakataka. Limenelo ndilo yankho la funso ndinakusungitsani lija.

Pano ndikupempheni kanthu. M'makalasi mwanu mumakhala Anyanja, Ayao ndi Amakhuwa pamkeka umodzi. Nkhani iyi musaifotokoze ngati mlandu wa mtundu wina. Pa nthawi imeneyo mtundu uliwonse unali ndi ogulitsa anzawo, unalinso ndi ogulitsidwa ndi othawa. Ndipo mfunda monga Phiri, Mbewe ndi Mwale mumazipeza pakati pa Anyanja ndi Ayao omwe. Magazi anasakanikirana kalekale.

Nanga makoma ali kuti?

Tibwerere ku funso la bambo uja. Pa nthawi yomwe Mankhamba anali likulu, kutali kum'mawa, m'dziko la Siam limene lero ndi Thailand, kunali likulu lina lotchedwa Ayutthaya. Linamangidwa cha m'ma 1350, Apwitikizi omwewa anafikako mu 1511, ndipo ankhondo a ku Burma analiwononga mu 1767. Alendo amapitako kukaona nsanja za akachisi ake, pakuti zinamangidwa ndi njerwa. Koma nyumba za anthu wamba za mumzindawo zinali zamatabwa ndi nsungwi, ndipo zimenezo zinatha monga zathu. Choncho chimene chimatsala pabwinja chimangotiuza zimene anthu ankamangira. Sichitiuza chiwerengero chawo, nzeru zawo kapena kukula kwa dziko limene ankalamulira.

Makolo athu ankamanga ndi mitengo, tsekera, dothi ndi udzu, pakuti ndizo zinali pafupi ndiponso zoyenera dziko lotentha. Kachisi nayenso anali kanyumba ka mitengo ndi udzu, kofuna kufoleredwa kawirikawiri. Kachisi wotere amakhalapo pokhapokha ngati pali anthu omusamala. Anthu akabalalika, chiswe, moto wolusa ndi mvula zimamaliza zonse m'zaka zowerengeka.

Izi sindinaziwerenge m'buku. Ndinali mwana wamng'ono mu 1986 pamene banja lathu linathawira ku Malawi chifukwa cha nkhondo, monga anachitira ambiri a inu. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, tinabwerera chaka chotsatira, ndipo amayi ananditenga kukaona mudzi wathu. Zaka 7 zokha zinali zitapita, koma panalibe nyumba ngakhale imodzi. Tchire lokhalokha. Amayi anazindikira malowo chifukwa cha mtengo wa mango. Anapalasa ndi phazi n'kupeza mafuwa atatu ndi mphero yawo. Kenaka anayamba kuloza: "Apa panali nkhokwe. Apo ndi pamene unabadwira iwe. Uko kunali kwa amalume ako." Mlendo akanadutsa pamenepo akanalumbira kuti sipanakhalepo munthu. Tsono ngati zaka 7 zinafafaniza mudzi wathu chotero, nanga zaka 160 zingasiye chiyani pa Mankhamba?

Amayi anatisiya. Lero odziwa pamene panali nkhokwe ija tatsala awiri, ine ndi mlongo wanga. Ndili chikhalire pamthunzi ku Mankhamba ndinaona kuti ana anga sindinawatengereko ngakhale kamodzi, ndipo ndinachita manyazi.

Yankho limene tinabwera nalo

Mnzanga uja anabwerera ku kalasi lake ndi yankho ili: likulu lilipo, lili ku Mankhamba pafupi ndi Mtakataka, ndipo mboni zake ndi zitatu. Anawonjezanso kuti zina zimene Amaravi anasiya tikuyenda nazo. Chilankhulo mukuwerengachi chimamveka kuchokera ku Cóbuè ndi Metangula, kudutsa Malawi yense, mpaka ku Tete ndi ku Chipata. Mfunda zathu ndi zomwe zija. M'chigawo cha Tete muli boma lotchedwa Marávia, ndipo dziko la anzathu linatenga dzina lakuti Malawi polandira ufulu mu 1964. Dzina la Kalonga likadalipo pa mpando wa Kalonga Gawa Undi, ndipo m'mwezi wa Ogasiti Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba.

Inunso m'madera mwanu muli mabwinja. Pali malo amene alimi amatukula mapale, mikanda kapena zotsalira za ng'anjo. Pali mapiri amene anthu ankathawirako nkhondo za Angoni, pali madooko akale, pali midzi imene inatha m'nkhondo yathu yomweyi. Funsani akuluakulu dzina la malo, tanthauzo la dzinalo, amene ankakhalapo, kumene anachokera ndi chimene chinawachotsa. Funsani oposa mmodzi, ndipo akasiyana lembani zonse ziwiri. Lembaninso tsiku limene mwafunsa. Koma musakumbe, ndipo musatole zinthu kupita nazo kunyumba, pakuti phale likachoka pamalo pake lasanduka phale wamba. Lamulo la dziko lathu nambala 10/88 limateteza malo ndi zinthu zakale zotere. Mukapeza malo ooneka ofunika, dziwitsani a mfumu ndi a ofesi ya zachikhalidwe kuboma.

Bambo wofunsa uja anamvetsera zonse ali chete. Mnzangayo akuti atamaliza, bamboyo anakhala kanthawi, kenaka anati, "Aphunzitsi, kuseri kwa munda wanga kuli chulu chimene agogo anga ankati chinali ng'anjo ya anthu akale. Sindinauzepo munthu, ndimayesa n'zopanda ntchito. Mubwere ndikakuonetseni miyendo ikadandilola." Tapangana kupitako Loweruka likudzali, tikachoka kumeneko ine ndidzatenge ana anga kukaona mtengo wa mango uja.

Tsalani bwino nonse.

Ine mnzanu pa ntchito,
Mbusa wa ku Entre Lagos